Msomali Wopanda Chithunzi

"Onani bwino, bantu ba Mulungu," anatero Phineas Zimba, akuloza chithunzicho ndi maikolofoni. "Mthunzi wa minibasi wagwela kumanja. Mthunzi wa kondakitala wagwela kumanzele. Manje nifunseko: ku Kasama kuli madzuwa angati?"

Anthu anaseka mpaka ena kutaya zakumwa zawo. Chinali chionetsero cha ojambula zithunzi a mu Lusaka, m'nyumba yakale ya ku Kabulonga imene mwini wake, Kathleen, anaigumula zipupa zam'kati n'kuipaka laimu kuti ikhale malo oonetsera zojambula. Ojambulawo anali ambiri ndithu, aliyense ndi kachigawo kake ka khoma. Mwambo wa gululo unali wakuti pa tsiku lotsegula pabwere munthu wodziwa, ayende chithunzi ndi chithunzi, anene poyera chimene chakoma ndi chimene chalakwika. Chaka chimenechi, monga zaka zam'mbuyo, munthu wodziwayo anali Phineas, mphunzitsi wa zojambulajambula pa sukulu ina ya sekondale.

Kudziwa ankadziwadi, tisamunamizire. Vuto lake linali lakuti ankakonda kumva anthu akuseka kuposa kuona chithunzi.

Mwini chithunzi cha minibasi, Elvis Kampamba, Mbemba wa ku Kasama, wa mimba yake ndi chipewa chake, anatuluka m'gulumo manja ali m'chiuno.

"Ba ticha, imwe ba ku Chipata muziba chani pali dzuwa? Kuchoka kuseni mpaka madzulo mumankala chowelama, matako kumwamba, mukumba mbeba. Dzuwa mumaliona liti?"

Chipinda chonse chinaphulikanso. Phineas anagwira pamtima ngati walasidwa, kenaka awiriwo anawombana m'manja.

Chimenecho ndiye chimbuya. Mbemba ndi munthu wa Kummawa akakumana, kaya ndi pa ukwati kaya pa maliro, amanyozana mmene angathere ndipo palibe amakwiya. Wa Kummawa amati Mbemba amadya apusi, Mbemba amati wa Kummawa amadya mbewa. Lamulo lake ndi limodzi lokha: ukaponya, mnzako abweze. Phineas anabadwira ku Kabwata mu Lusaka momwemo, ku Chipata, kwawo kwa makolo ake Kummawa, ankangopitako pa maliro, ndipo mbewa anali asanailawepo chibadwire. Koma chimbuya ankayenda nacho paliponse ngati chiphaso.

Anapitiriza ulendo wake, gulu likumutsata pambuyo ndi mafoni m'manja. Mtsikana wina amene anajambula dzuwa likulowa anamuuza kuti penti yofiira si tomato wothira mu ndiwo iliyonse. Mnyamata wa njovu anamufunsa ngati njovu anaionapo kwina kupatula pa kalendala. Zina mwa zimene ankanena zinali zoona, ndipo ojambula ena ankagwedeza mitu movomera ngakhale nkhope zitagwa. Koma chiseko chinali chitamulowa m'mutu ngati mowa, ndipo pofika pa ngodya yomaliza anali atasiya kuyang'ana zithunzi, akungofuna poponya.

Pa ngodyapo panali chithunzi cha mwamuna wachikulire atakhala pa mpando wapulasitiki wobiriwira, pa khonde, atavala shati yoyera yomanga mabatani mpaka pakhosi. Pakamwa pake panali popotoka, mbali imodzi ya nkhope itagwa, diso lina laling'ono kuposa linzake. Phineas anachiyang'ana mongodutsa, maso n'kuthamangira pa kapepala ka m'munsi mwake. Panalembedwa kuti: Pa Khonde. B. Chalwe.

Dzinalo litangomulowa m'maso, mtima wake unavina. Chalwe. Mbemba winanso.

"Apa peve ba Chalwe batikonda," anayamba, akudikira kuti anthu onse afike. "Benangu bajambula njovu, benangu mitengo. Ba Chalwe bajambula ndiyo yabo. Onani kamwa. Uyu ni kolwe, pusi uja bamene bakonda ku Luapula. Bamuvalika chabe shati ya ku chechi kuti tisamuzibe. Olo banamugwila akali kutafuna masuku?"

Anthu anaseka chikhakhali. Mayi wina wonenepa wa ku Woodlands anachita kugwira khoma.

"Koma tikambe zoona," anapitiriza Phineas, tsopano ndi mawu a m'kalasi. "Nkope ya muntu ili na malamulo. Diso na diso vifunika kulingana, kamwa ifunika kunkala pansi pa mpuno. Ba Chalwe, mukalibe kugwila penti, yambani mwaphunzila pensulo. Muli kuti, mbuya wanga? Bwezani, nili pano!"

Anatambasula manja, akudikira mbewa zake. Sizinabwere.

M'malo mwake gulu linapatuka pang'ono, ndipo panatuluka mayi wachikulire, wamfupi, wovala chitenje chabuluu ndi juzi yakuda. Sanamuyang'ane Phineas. Anapita pa khoma, nayimirira ndi zala zakuphazi, n'kunyamula chithunzicho kuchichotsa pa msomali.

"Aba ni bamuna banga," anatero, osakweza mawu. "Banamwalila chaka chatha. Kamwa inapotoka na sitiloko."

Anamasula chitenje chapamwamba, nakulunga chithunzicho monga mmene amafunditsira mwana pa mphepo, n'kutuluka. M'chipindamo munangoti zii, moti nsapato zawo zinamveka pa miyala ya panja mpaka mlonda kutseka geti.

Phineas anatsala ali chiimire, manja akadali otambasula. Manyazi anamugwira kuyambira m'makutu mpaka m'mawondo. Anayesa kulankhula, maikolofoni n'kungolira. Mayi wa ku Woodlands uja, amene anaseka kuposa onse, ndiye anayamba kunena mokweza kuti, "Iye, bantu benangu balibe mtima," ndipo mafoni amene ankajambula aja anatsika mmodzimmodzi, koma atamaliza kale ntchito yawo.

Kathleen anamukokera ku khitchini, Elvis akutsata pambuyo chipewa chili m'manja.

"Ba Phineas, mwachita chani?" anafunsa Kathleen, misozi ili m'maso chifukwa cha ukali.

"Ninaona dzina. Chalwe ni dzina ya Chibemba. Nenze kusewela chabe chimbuya."

"Dzina ni ya bamuna babo! Ba Bernadette ni Basoli ba ku Chongwe, chimbuya chanu sichibakhuza. Olo benze Babemba, munafunsa kuti pa chithunzi ni bandani? Mai uja anayamba kubwela kuno pambuyo pa malilo, sanali kukamba na muntu. Ichi ndiye chithunzi chabo choyamba kuonetsa. Ninachita kubapapata kuti bachilete."

"Nenze kukukodola, mbuya," anatero Elvis motsitsa mawu. "Koma iwe ukayamba suona kumbali."

"Nizachibweza pa khoma," anatero Phineas. "Nizayenda neka kubapepesa. Chionetselo chikalibe kutsekedwa, chithunzi chizabwelela pa msomali wake."

Kathleen anangomulanda maikolofoni amene anali akadali m'manja mwake.

Kunyumba ku Kabwata anapeza nkhani itafika kale. Mkazi wake Emmy anali pa sofa ndi foni, ndipo m'fonimo munkamveka mawu a Phineas yemwe akuti, "Uyu ni kolwe," kenaka chiseko, kenaka chete uja. Emmy anaisiya kuti ithe, n'kuiyambitsanso.

"Zimya, napapata."

"Nizimye yanga, nanga za bantu? Yafika na pa gulupu ya bamai ba ku chechi. Ba dikonesi banitumila na kufunsa ngati ndimwe."

Phineas anakhala pansi osavula nsapato. Chakudya chinamukanika. Masiku otsatira ankapita ku sukulu akuyang'ana pansi, ndipo ana a m'kalasi mwake, amene masiku onse ankamupempha nthabwala, ankangomuyang'ana mwachifundo, chinthu chimene chinamuwawa kuposa kusekedwa. Kathleen anamuuza kuti Mayi Chalwe sakuyankha foni ndipo atuluka pa gulu la ojambula. Iye anakonza mawu opepesa m'mutu mwake, okoma ndithu, okhala ndi mbiri ya chimbuya ndi mmene chinayambira pakati pa Angoni ndi Abemba. Atamuyeserera Emmy, mkaziyo anaika mpeni wa anyezi pansi.

"Batate bake Cheryl, muyenda kupepesa olo muyenda kuphunzitsa? Safunsa anadya phula, imwe mwadya kudala. Kamwa ndiye inakupalamulilani, manje mufuna kutuma kamwa imozimozi kuti ikakonze?"

"Nanga niyende na chani? Nenze kuganiza kubagulila mapenti."

"Muntu sapepesa na penti. Gulani nkuku ya ku munzi, yamoyo. Mukafika musankale pa mupando. Ndipo motoka musiye, muyende na basi monga bantu."

Ndi mmene zinakhalira kuti mphunzitsi wolemekezeka, amene ojambula a mu Lusaka ankamuopa, anakwera minibasi ya ku Chelstone atapanira nkhuku m'khwapa. Nkhukuyo inamuipitsira buluku asanafike n'komwe pa Manda Hill. Kondakitala anamufunsa ngati akukafunsira mkazi wachiwiri, anthu anaseka, ndipo Phineas anangoyang'ana pa windo.

Nyumba ya Mayi Chalwe inali yaing'ono, ya mpanda wa maluwa, mtengo wa mapeyala uli pakati pa bwalo. Chinthu choyamba chimene Phineas anaona atalowa pa geti chinali mpando wapulasitiki wobiriwira uja, uli pa khonde, mwendo umodzi womangidwa ndi waya.

"Odi," anatero ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

Mayi Chalwe anatuluka akupukuta manja. Anamuyang'ana, nayang'ana nkhuku, nayang'ananso buluku.

"Ngenani."

M'chipinda chochezera Phineas anagwada pa simenti, naika nkhuku patsogolo pake. Mawu okoma aja onse anathawa.

"Amai, nalakwa. Nilibe vokamba. Nalakwa maningi."

"Namvela," anatero mayiwo. "Pepani sapoletsa chilonda, koma namvela. Nyamukani, simenti izizila."

"Nizankala pamene pano."

"Nati nyamukani. Sininafune kuti muntu anigwadile. Nenze nafuna chintu chinangu, ndipo simunanipatse." Analoza ku khoma la kumbuyo kwake. Chithunzi chija chinali pamenepo, pamwamba pa wailesi yakanema. "Ba Kathleen bananiuza ati kuzabwela muntu oziba, azakuuzani pamene mwalakwitsa. Ine sininagone, nenze kuyembekeza. Manje mwabwela mweka. Niuzeni."

Phineas anaimirira, akupukuta mawondo. "Amai, ni chithunzi chabwino maningi. Chilibe cholakwika."

"Musaninamize m'nyumba mwanga. Kuja munaninyoza, kuno mufuna kuninyengelela. Vonse viwili ni kusayang'ana. Yang'anani."

Ana ake a sukulu ankawauza kawirikawiri kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limenelo anadekha yekha. Anaima patsogolo pa chithunzicho nthawi yaitali, nkhuku ikupalasa pa simenti, mayiwo atakhala phee pa sofa manja ali pamiyendo.

"Dzanja ili," anatero pomaliza, mwamantha. "Ili pa bondo. Yaoneka monga thabwa. Vala vonse vilingana, vilibe mafupa mukati."

"Yananikanga," anavomera Mayi Chalwe. "Ninafuta kambili, pepala pafupi kubooka. Chinangu?"

"Khoma ya kumbuyo munathamangila. Mtundu wake ulimbana na shati, so mapewa yasoba."

"Ee. Nenze nalema. Chinangu?"

Phineas anabwerera pa nkhope ija. Tsopano anaona kuti panalibe chimene chinapotoka mwangozi. Mzere uliwonse wa tsaya logwalo unaikidwa ndi munthu amene analipukuta ndi thaulo m'mawa uliwonse. Mbali yakufa ya nkhope inajambulidwa ndi penti yozizira, yotuwa, koma mbali yamoyo inali yofunda, ndipo diso lalikulu lija linali kuseka. Linali diso la munthu wochenjera amene wapeza kale chonena. Milomo yokha ndiyo inkatsalira, itatseguka pang'ono, ikulimbana.

"Aba bantu," anatero pang'onopang'ono, "bafuna kukamba. Diso yayankha kudala, kamwa ndiye ikana. Pali wamene abakambitsa, ali kuseli kwa ise, ndipo beve bali na yankho."

Atatembenuka anapeza mayiwo akumuyang'ana, maso atafiira.

"Kanshi muona," anatero. "Nenze naganiza kuti ndimwe chabe opusa. Kanshi maso muli nayo."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kutukwanidwa. Akanakhala mbuli bwenzi pali pobisala.

Mayi Chalwe anayang'ana chithunzicho, n'kuyamba kusimba ngati akulankhula ndi khoma. Amuna awo, a Ignatius Chalwe, anagwira ntchito moyo wawo wonse pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, kulembetsa anthu pa mabasi opita ku Chipata ndi ku Lundazi. Mbemba mmodzi pakati pa anthu a Kummawa okhaokha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pakamwa pawo panali potchuka pa siteshoni yonse. Madalaivala ankachita kupangana kuti lero timugonjetse, koma palibe anawathapo.

"Benze kukamba ati katundu ya ba Kummawa sitiika pa sikelo, tiziba kudala ni mbeba zouma," anatero mayiwo, kumwetulira kukubwera n'kuthawanso. "Ine Msoli nenze kumvela chabe, kuseka. Ivo va kubweza sininaphunzile. Nenze na muntu onibwezela."

Sitiroko itawagwira, mawu anapita. Anzawo a ku Intercity sanawataye. Ankabwera Lamlungu masana, kukhala pa khonde paja, n'kuyamba chimbuya monga kale, poganiza kuti akuwasangalatsa. Ankawafunsa ngati pusi wawakakamira pakhosi. A Ignatius ankamva zonse. Diso linkawala, milomo inkayamba kugwedezeka, anzawo n'kudikira, koma chotuluka chinali malovu okha. Alendo akapita, bambowo ankalira.

"Kudwala sikunabalilitse. Kusambitsidwa na mukazi sikunabalilitse. Koma kukangiwa kubweza." Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye chamene ninajambula. Manje imwe munaimilila pamenso pabo, pa bantu bonse baja, mwabaitana kolwe, na kukuwa ati bwezani, nili pano."

Phineas anafuna kuti simenti ing'ambike alowemo. Anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi nkhuku, mutu uli pakati pa mawondo. Kunja ana ankasewera mpira mu msewu.

"Amai," anatero pambuyo pake, osadzutsa mutu, "lekani nichinyamule neka, nichibweze pa khoma. Nizaimilila pa bantu, nikambe vamene nakamba muno. Mu chipinda chija mulibe chithunzi chopambana ichi. Bantu bafunika kuchiona."

"Bantu banachiona."

"Sibanachione bwino. Nine ninabatseka menso."

"Banaseka, ba Zimba. Simunaseke mweka." Anaimirira, nanyamula nkhuku ija mwaluso, kuipanira mapiko. "Nkuku nalandila. Mulandu pakati pa ine na imwe wasila, musayende nao ku nyumba. Dzanja nizakonza, na khoma ya kumbuyo. Koma ba Ignatius sibazachokanso muno. Basekewa vokwana."

Anamuperekeza mpaka pa geti monga mlendo aliyense, namuuza kuti apereke moni kwa amayi a kunyumba, ndi kuti bulukulo aliviike m'madzi ozizira lisanaume.

Pa tsiku lotseka chionetsero anthu anabwera ambiri kuposa pa tsiku lotsegula, ndipo si onse amene anabwerera zithunzi. Phineas anafika molawirira n'kupeza Kathleen ataima pa ngodya ija ndi chithunzi china cha Elvis, cha amayi ogulitsa tomato, akufuna kutseka pamalo popanda kanthupo.

"Sibabwela?" anafunsa Kathleen.

"Sibazabwela. Napapata, musaikepo chinangu. Siyani msomali na kapepala."

"Pazaoneka poipa."

"Niziba."

Kathleen anamuyang'ana, kenaka anabweza chithunzi cha tomato kumene anachitenga. Atamupatsa maikolofoni kuti anene mawu otsekera, Phineas anapukusa mutu. Anapita kukaima pa ngodya paja, pambali pa msomali, manja kumbuyo. Amene ankadziwa nkhaniyo ankadutsa msanga akuyang'ana kwina. Amene sankaidziwa ankawerenga kapepalako n'kufunsa kuti chithunzi chili kuti, ndipo iye ankawauza kuti mwini wake anachitenga chifukwa cha zimene iye Phineas ananena, kenaka n'kuwafotokozera mmene chinalili: mpando wobiriwira, shati yoyera, diso loseka. Ena ankamvetsera. Ena ankachoka asanamalize.

Chakumadzulo, anthu atayamba kuchepa ndipo ojambula akutsitsa zithunzi zawo, Elvis anabwera ndi mabotolo awiri a zakumwa. Anamuyang'ana mnzakeyo, namumvera chisoni, ndipo anachita chimene Mbemba aliyense wa mtima wabwino akanachita.

"Iwe mudya mbeba," anatero mokweza, akumugunda ndi chigongono, "waimilila apa tsiku lonse monga ulonda mugodi. Uyembekeza kuti mbeba izachoka mu khoma?"

Anthu ochepa amene anali pafupi anatembenuka, akumwetulira, kudikira. Elvis naye anadikira, nkhope itawala.

Yankho linabwera lokha, monga linkabwerera masiku onse, lakuthwa, lokwanira kugwetsa chipinda chonse. Linafika mpaka pa lilime. Phineas anamva milomo yake ikuyamba kutseguka, ndipo pomwepo anaona khonde lija, ndi anthu atazungulira mpando wobiriwira akudikira.

Anatseka pakamwa. Analandira botolo lija, nayang'ana pansi.

"Bweza, mbuya," anatero Elvis, tsopano motsitsa mawu, ngati akupempha.

Phineas sanabweze.